Injini ikamamisa: kapezedwe ka vuto pa galimoto yoti yayenda mtunda wautali

Galimoto zambiri zimene zikuyenda mu Lilongwe muno zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo si manambala onse a pa dashibodi amene amanena zoona. Sienta yolemba makilomita 90,000 koma chiwongolero chake chitasalala ndi manja, labala wa pa buleki atadyeka mpaka chitsulo kuonekera, muitenge ngati yoti inadutsa kalekale 200,000. Injini ya msinkhu umenewu ikayamba misifaya, kutanthauza kuti silinda ina ikulephera kuyatsa petulo pa nthawi yake, zokayikira zimachuluka nthawi imodzi, chifukwa mapulagi, makoilo (opereka magetsi ku mapulagi), mainjekita (opopera petulo), mapaipi a mpweya ndi mavalavu zonse zakalambira limodzi. Ndalama za anthu zimathera pamenepa: lero mapulagi, mawa makoilo anayi, mkuja pampu ya mafuta, galimoto ili chinjenjemerere. Langizo lathu ndi lakuti musagule sipeya iliyonse musanadziwe silinda imene ikuphonya, ndiponso musanayeze chimene chikusowa m'silindamo.

Silinda iliyonse ya injini ya petulo imafuna zinthu zinayi: moto wa pulagi, petulo wokwanira, mpweya woyezedwa bwino, ndi kompulesheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda pisitoni ikakwera). Zinayizi ziyenera kukumana pa nthawi yake. Chimodzi chikasowa, pisitoni ya m'silindamo imangokwera n'kutsika pachabe, masilinda otsalawo n'kumaisenza. Kumveka kwake kuli ngati amayi osinja mtondo umodzi, wina akamaphonya nthawi yake: khutu limamva kuti kugunda kwadukiza. Za dizilo n'zina, popeza injini zake zilibe mapulagi a moto. Pano tikukamba za petulo.

Tsimikizani kaye kuti ndi misifaya ndithu

Kunjenjemera kwina sikuchokera m'masilinda. Vitz, Passo ndi Belta za injini ya 1KR-FE zili ndi masilinda atatu okha, ndipo zimanjenjemera pang'ono mwachibadwa zikaima pa maloboti giya ili pa D. Mamauntingi a injini akang'ambika, kunjenjemera kumafika pa chiwongolero ndi pa mpando, koma injiniyo imalira bwinobwino, singano ya rpm (yosonyeza kuzungulira kwa injini) osagwedezeka. Honda Fit yakale ya giyabokosi ya CVT imakonda kugwedezeka pongonyamuka pokha kenako n'kuyenda myaa, ndipo limenelo ndi vuto la giyabokosi.

Lizani injini, giya ili pa P kapena pa nyutilo, handibuleki mutakoka. Pitani kumbuyo, muyandikize dzanja kumapeto kwa paipi ya ekizozi, osaigwira. Injini yabwino imapemerera mpweya mofanana. Yomisa imati pupupu kenako n'kudukiza, ndipo kawirikawiri pamamveka fungo la petulo wosapsa. Yandikizaninso kapepala pa paipipo. Kakamayamwidwa nthawi ndi nthawi kubwerera m'kati, yambani kukayikira valavu ya ekizozi yopsa.

Nyali ya check engine muiyang'anitsitse. Mukatembenuza kiyi kufika pa ON injini isanalire, iyenera kuyaka. Ngati siyaka n'komwe, mwina babu linapsa, mwina wina anaimata kuti abise vuto pogulitsa galimotoyo. Ikayaka n'kukhala chiyakire muli paulendo, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku galaja. Koma ikamaphethira, chotsani phazi pa moto, pezani poima, muzimitse injini. Kuphethirako kukusonyeza kuti petulo wosapsa akukayakira mu catalytic converter, kachipinda ka mu ekizozi kotsuka utsi, ndipo kutentha kwake kumasungunula zam'kati mpaka ekizozi kutsekeka. Petulo yemweyo amatsukanso oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira mu sampu, injini n'kumadyeka m'kati mwakachetechete.

Vutoli limabwera liti?

Yankho la funso ili limakuchotserani theka la zokayikira musanagwire sipanala. Ngati galimoto ikumisa mukaponda moto pachitunda, monga pokwera ku Dedza pa msewu wa M1 kapena pa zitunda za ku Mvera pochokera ku Salima mutadzaza anthu, yambirani pa mapulagi ndi makoilo. Mpweya ukapanikizika kwambiri m'silinda, moto umavutika kudumpha pa kampata ka pulagi, ndiye koilo yofooka imene inkakwanitsa pamalo athyathyathya imagonja pamenepo. Pampu ya mafuta yotopa imaonekeranso pachitunda, koma iyo imafooketsa injini yonse, osati silinda imodzi.

Ngati ikumisa galimoto ili chiimire, n'kusiya mukangokweza moto, ganizirani mpweya wolowera pamng'alu, valavu ya EGR (yobwezera utsi wina m'injini) yosatseka, kapena kompulesheni yochepa. Ngati ndi m'mawa mokha, mphindi imodzi kapena ziwiri zoyambirira, onani ngati madzi a mu radiyeta akumachepa popanda podontha pooneka. Gasiketi ya hedi yoyamba kutha imadonthetsera madzi m'silinda usiku, ndipo injini imamisa mpaka madziwo atauma. Injekita yodontha imachitanso chimodzimodzi. Ngati vuto limayamba injini itatentha, muli pa mdipiti wa magalimoto pa mlatho wolowera ku Old Town, kayikirani koilo kapena sensa ya crankshaft (yowerenga kuzungulira kwa injini), popeza zimenezi zimakonda kufooka zikatentha. Likabwera mvula itagwa kapena mutatsukitsa injini ndi madzi a paipi yamphamvu, ndiye kuti madzi alowa m'mabowo a mapulagi. Ndipo likayamba mutangothira mafuta, musapite kutali, yambirani pa mafutawo.

Pa kompyuta

Soketi ya OBD2, yolumikizirapo makina owerenga makodi a mavuto pa kompyuta ya galimoto, ili ndi mabowo 16 ndipo imakhala pansi pa chiwongolero. Pemphani amakaniko kuti asafufute chilichonse mpaka mutalemba makodi onse, pamodzi ndi zimene makina asunga za nthawi imene vuto linachitika: rpm, liwiro, ndi kutentha kwa madzi. P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304. P0300 ikutanthauza kuti misifaya ikudumphadumpha m'masilinda angapo, ndiye chovuta ndi chinthu chimene onse amagawana, monga mafuta, mpweya kapena taimingi (nthawi imene mavalavu amatsegukira ndi kutsekera). Silinda yoyamba ndi imene ili kumbali ya tcheni kapena lamba wa taimingi, kumene kuli mapule.

Makodi ena obwera limodzi nawo amakulozerani njira. P0351 mpaka P0354 ndi magetsi a makoilo, P0201 mpaka P0204 ndi magetsi a mainjekita, P0171 ndi mpweya wochuluka kuposa mafuta, P0172 ndi mafuta ochuluka, P0335 ndi sensa ya crankshaft, ndipo P0016 ikusonyeza kuti crankshaft ndi camshaft (chitsulo chotsegula mavalavu) sizikuyendera limodzi. P0420, kodi ya catalytic converter yofooka, ikaonekera pamodzi ndi misifaya, musathamangire kuchotsa catalytic converter. Konzani misifaya kaye, chifukwa ndiyo imene imaipha.

Chofunika kumvetsa n'chakuti P0302 yangokuuzani malo. Sinanene kuti koilo yapsa. Munthu akakuuzani kuti kompyuta yalamula makoilo anayi atsopano, mufunseni kuti wayesa chiyani. Dziwaninso kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizilankhulana ndi tizipangizo totsika mtengo tolumikiza ku foni. Kachipangizo kakalephera kuwerenga, sizitanthauza kuti kompyuta ya galimoto yafa. Pamangofunika makina akuluakulu a ku galaja.

Kupeza silinda popanda makina

Injini ikulira galimoto ili chiimire, zulani konekita ya injekita yoyamba, mumvetsere, kenako muibwezere. Chitani chimodzimodzi ndi yachiwiri mpaka yomaliza. Silinda yogwira ntchito mukaizimitsa, injini imagwa mphamvu nthawi yomweyo n'kunjenjemera koposa. Silinda imene simunamve kusintha kulikonse ndiyo yodwalayo. Tcherani khutu pa sekondi yoyamba yeniyeniyo, chifukwa kompyuta imafulumira kukweza moto kuti ibise kusiyanako.

Timakonda kuzula konekita ya injekita m'malo mwa ya koilo chifukwa mukadula moto wokha, petulo amapitirira kuthiridwa n'kupita mu ekizozi wosapsa. Ngati mainjekita sakufikirika, zulani konekita ya koilo kwa masekondi ochepa basi. Pa galimoto zakale za distributor (chogawira moto ku mapulagi kudzera m'mawaya), monga Corolla za injini ya 4A-FE kapena 5A-FE, musakoke waya wa pulagi ndi dzanja. Mumadutsa mavoti oposa 20,000. Gwiritsani ntchito pulayasi yokhala ndi labala wabwino.

Sinthanitsani musanagule

Nayi njira yosadya ndalama ndipo siinama. Tinene kuti silinda yachiwiri ndiyo ikumisa. Zimitsani injini, masulani kabauti ka 10 mm, mutenge koilo ya silinda yachiwiri muiike pa yoyamba, ya yoyamba ipite pa yachiwiri. Pulagi ya silinda yachiwiri muisinthanitse ndi ya yachitatu. Fufutani makodi, muyende mpaka vuto libwerere. Likasamukira ku silinda yoyamba, koilo ndiyo yatha. Likapita ku yachitatu, ndi pulagi. Likakakamira pa yachiwiri pomwepo, moto ulibe mlandu, ndipo zatsala ndi injekita, mawaya ake, mpweya wolowera pambali pa silindayo, kapena kompulesheni.

Koilo ikapezeka yakufa, gulani imodzi yomweyo. M'masitolo a sipeya a ku Biwi ndi kwa Malangalanga mumapezeka zatsopano ndi zochotsa m'injini zina. Ife timaona kuti koilo yoyambirira ya Denso yochotsa m'injini ina imaposa yatsopano yopanda dzina, bola muiyesere pa galimoto yanu musanalipire, ndipo nambala yake ifanane ndi ya yakale. Kuyesa moto pogunditsa pulagi pa chitsulo cha injini kumanamiza. Pamtunda pano ngakhale koilo yofooka imatulutsa moto, koma m'silinda mopanikizika imalephera.

Mapulagi amanena zambiri

Dikirani injini izizire, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake amatha msanga mukamasula ili yotentha. Musanamasule, pemererani m'mabowo ndi mpweya wa kompulesa. Galimoto yoyenda m'misewu yafumbi ya ku Area 25, kwa Chinsapo kapena ku Mtandire imasunga mchenga m'mabowomo, ndipo mukangozula pulagi mchengawo umagwera m'silinda. Toyota zambiri zimafuna soketi ya 16 mm, pamene Nissan Tiida ndi Note za injini ya HR15DE zimafuna ya 14 mm, komanso pamafunika kuchotsa manifodi ya mpweya kuti mufike pa makoilo. Lembani 1, 2, 3, 4 pa katoni, muyale pulagi iliyonse pa nambala yake.

Musayang'ane pulagi imodzi payokha, ziyerekezeni. Nsonga ya mtundu wa khaki kapena yotuwa pang'ono ndi yabwino. Ya mwaye wouma wakuda ikusonyeza mafuta ochuluka kapena moto wofooka. Yonyowa ndi petulo ikusonyeza kuti mafuta akufika koma sakuyaka, ndiye vuto ndi moto kapena kompulesheni. Youma kheche pa silinda yoti ikumisa ikuloza kwa injekita yosathira. Yakuda yonata oyilo, kapena yomera zinyenyeswa zoyera zolimba, ndi ya silinda yodya oyilo kudzera m'maringi kapena m'masilu a mavalavu. Yoopsa ndi imene ikuoneka yoyera mbee ngati yatsopano pakati pa zinzake zakale: imeneyo ikutsukidwa ndi nthunzi ya madzi a mu radiyeta.

Yezani kampata ka nsonga ndi fila geji. Pa 1NZ-FE, injini ya 1.5 imene ili mu Sienta, Probox, Ractis ndi Corolla zambiri, kampata kamakhala 1.0 mpaka 1.1 mm. Kakafika 1.3 kapena kuposa, koilo imakakamizika kutulutsa mavoti ochuluka mpaka kupsa, n'chifukwa chake koilo yatsopano yoikidwa pa pulagi yakutha sikhalitsa. Mapulagi wamba amayenda makilomita 20,000 mpaka 30,000, a iridium okhalitsa amafika 100,000. A iridium musawapale ndi sandipepa kapena kukanula nsonga yake ndi sikuludiraiva, kansongako n'kakang'ono ndipo kamathyoka. Achinyengo nawonso alipo ambiri: zilembo zosaoneka bwino, mtengo wotsika modabwitsa, kenako nsonga kutha patangopita miyezi yochepa.

Yang'ananinso mbali yoyera ya kumtunda, imene imalowa mu labala wa koilo. Mukaona kamzere kakuda kowongoka ngati kojambula ndi pensulo, kosachoka ndi chikhadabo, ndiye kuti moto ukudutsa kunja kwa pulagi m'malo mwa kunsonga. Sinthani pulagi ndi labala wa koiloyo limodzi. Mukasintha chimodzi chokha, chakalecho chimajambulanso njira yomweyo pa chatsopano. Mukapeza oyilo atadzaza m'bowo la pulagi, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini yauma. Oyiloyo amafewetsa labala wa koilo, ndiye gasiketi isinthidwe ndipo bowo lipukutidwe.

Eni Honda Fit yakale ya injini ya i-DSI, mapulagi anu ndi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse, ndipo makoilo ndi asanu ndi atatunso. Anayi akutsogolo amasinthidwa, anayi akumbuyo n'kuiwalika kwa zaka. Pa galimoto za distributor, yezani mawaya a mapulagi ndi multimeter. Toyota imalola mpaka 25 kilo-ohm pa waya mmodzi. Tsegulaninso kapu ya distributor, muone ming'alu ndi kudyeka kwa rota. Usiku mumdima, kuwaza timadzi pang'ono pa mawayawo injini ikulira kumaonetsa moto wabuluu ukuthetheka pamene pakudontha magetsi.

Pobwezera pulagi, yambani kuzunguliza ndi dzanja mpaka ikhale pansi. Ikalimba pachiyambi pomwe, bwererani, yalowa mopendekera. Yatsopano imafuna theka la kuzungulira ndi sipanala itakhala pansi, yakale kachidutswa kochepa chabe.

Yezani kompulesheni pamene mapulagi ali kunja

Ambiri amasiya kuyeza kumeneku mpaka kumapeto, atagula kale zonse. Pa injini yoti yayenda makilomita 200,000 ife timati kuchitike msanga. Ndi ntchito ya mphindi 20, ndipo ndi yokhayo imene ingakuuzeni ngati injiniyo ndi yoyenera kuiwonongera ndalama.

Injini ikhale yofunda, osati yotentha kwambiri, ndipo batire likhale lodzaza, mavoti 12.6 kapena pafupi, chifukwa batire lofooka limatsitsa manambala onse. Chotsani mapulagi onse, zulani makonekita a makoilo ndi a mainjekita. Mangani geji pa bowo loyamba, mnzanu aponde moto mpaka pansi n'kuzunguliza injini ndi kiyi mpaka singano isiye kukwera, masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Lembani nambala, mupite pa silinda yotsatira.

Injini zambiri za petulo zathanzi zimapereka pakati pa 150 ndi 200 psi. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, choncho geji imawerenga motsikirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi manambala a m'mabuku. Musaweruze injini kuti yatha chifukwa cha kutsika kumeneko. Chachikulu ndi kufanana: masilinda asasiyane koposa 10 peresenti. Silinda yotsika kufika cha m'ma 100 psi siyaka bwino galimoto ili chiimire, ngakhale mutaiikira pulagi ndi koilo zodula bwanji.

Tiyerekeze kuti mwapeza 170, 165, 95 ndi 170. Thirani oyilo wa injini wokwana 5 ml, sipuni yaing'ono imodzi, m'bowo la silinda yachitatu, muyezenso. Nambala ikakwera kwambiri, tinene kufika 150, maringi atha, popeza oyilo watseka mipata kwa kanthawi. Ikakhala pomwepo, mpweya ukuthawira pa valavu kapena pa gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, kawirikawiri gasiketi ya hedi yabooka pakati pawo. Onse akatsika mofanana, onani taimingi: lamba amadumpha dzino, ndipo tcheni chimatalika pa injini imene oyilo wake ankasinthidwa mochedwa. Tcheni chotero chimalira kwatakwata m'mawa pongoliza.

Galaja yokhala ndi kompulesa itha kupopera mpweya m'silindamo pisitoni ili pamwamba, mavalavu onse atatseka. Mpweya ukamamveka ku ekizozi, ndi valavu ya ekizozi. Ukamamveka kolowera mpweya, ndi valavu yolowetsa. Ukamatulukira pothirira oyilo, ndi maringi. Thovu likamabwera mu radiyeta, ndi gasiketi kapena hedi yong'aluka. Kapu ya radiyeta muzitsegula injini itazizira basi.

Musanalole kuti hedi itsitsidwe, yezani mipata ya mavalavu. Valavu ya ekizozi imamira pang'onopang'ono m'malo ake zaka zikamapita, mpata n'kumachepa mpaka valavu kulephera kutseka. Valavu yolira tekete siwopsa kwambiri, yoopsa ndi yothina yosamveka phokoso, chifukwa imeneyo imapsa. Pa Honda Fit yakale mipata imakonzedwa ndi kanati ndi sikulu, injini ili yozizira: 0.15 mpaka 0.19 mm pa yolowetsa, 0.26 mpaka 0.30 mm pa ya ekizozi. Ntchito ya maola ochepa imeneyi imabwezeretsa kompulesheni ngati valavu isanapse.

Mafuta

Moto ndi kompulesheni zikakhala bwino, pitani kwa injekita. Tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injekita, chogwirira pa khutu, injini ikulira. Yamoyo imati tiktiktik mofanana. Yongoti zii ndi yakufa kapena sikulandira magetsi. Zimitsani, muyeze ndi multimeter pa timapini take tiwiri. Zambiri zimawerenga pakati pa 11 ndi 15 ohm, ndipo zonse zinayi ziyenera kufanana. Yang'anani waya pafupi ndi konekita, pamene pamakonda kuthyoka ndi ukalamba ndiponso kudyedwa ndi makoswe galimoto ikagona masiku pamalo amodzi.

Injekita ikhoza kulira bwino koma ili yotsekeka. Isinthanitseni ndi ya silinda ina monga munachitira ndi koilo. Tsitsani kaye mphamvu ya mafuta m'paipi, batire mutachotsa waya wa negetivu, pasakhale wosuta fodya pafupi, ndipo muike timalabala tatsopano topakidwa oyilo pang'ono. Kalabala kakale kobwezeredwa kamadontha, ndipo galimoto zimapsa ndi zoterezi. Noah ndi Voxy za injini ya 1AZ-FSE, zolembedwa D-4, musazimasule mapaipi a mafuta panyumba. Mphamvu ya mafuta ake ndi yoposa ya galimoto wamba maulendo ambirimbiri.

Misifaya ya masilinda onse imafuna kuyeza pampu ndi geji. Pa 1NZ-FE mphamvu yake imakhala pafupifupi 3.0 mpaka 3.4 bar, ndipo isagwe mukaponda moto. M'galimoto zambiri zoterezi fyuluta ya mafuta ili m'thanki limodzi ndi pampu, ndiye siisinthidwa pa sevisi ndipo mwina sinakhudzidwepo chichokereni ku Japan. Nthawi ya kusowa kwa mafuta imazunza mapampu: galimoto imayenda masiku nyali ya mafuta ili chiyakire, pampu n'kumatentha chifukwa petulo ndi amene amaiziziritsa.

Za mafuta a m'zigubu, tengani pang'ono kuchokera pa paipi muthire m'botolo lagalasi loonekera, likhale mphindi 15. Madzi amadekha pansi, mzere wake n'kuonekera bwino. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amayamwa chinyezi, ndiye wosungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amaoneka wa mbuu. Wosakaniza ndi palafini amanata pa zala, sauma msanga, ndipo injini imagogoda pachitunda n'kudetsa mapulagi onse. Mankhwala othira m'thanki sangakonze zimenezi. Mafutawo achotsedwe, thanki itsukidwe, kasefa ka pampu kayang'anidwe.

Mpweya

Kompyuta imathira mafuta molingana ndi mpweya umene yauyeza. Mpweya wolowera pamng'alu suwerengedwa, ndiye mafuta amachepa ndipo silinda imaphonya. Pa makina onani manambala a fuel trim, osonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Akakhala pakati pa -5 ndi +5 zili bwino. Akapitirira +10 galimoto ili chiimire n'kutsika mukafika 2,500 rpm, pali podontha mpweya. Akamakwera mukamawonjezera moto, ndi pampu, fyuluta, kapena sensa ya MAF (yoyeza mpweya wolowa m'injini) yakuda.

Masulani paipi yaikulu ya labala yochokera ku fyuluta ya mpweya, muipinde m'manja. Ming'alu imabisala m'makwinya a kunsi. Onaninso kapaipi ka PCV (kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini), paipi yopita ku busita ya buleki, ndi gasiketi ya manifodi, imene ikauma pa silinda imodzi imapereka misifaya ya silinda imodziyo. Kuwaza madzi pang'onopang'ono m'malo olumikiziramo injini ikulira kumasintha kaliridwe kake pamalo podontha. Madzi ndi abwino kuposa mankhwala otsukira kabuleta, amene amayaka akakumana ndi moto wa koilo yong'aluka.

Sensa ya MAF muitsuke ndi mankhwala ake enieni, osakhudza timawaya ta m'kati, ndipo iume isanabwezeredwe. Fyuluta ya mpweya m'miyezi yafumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala imadzaza msanga, ndipo kuipemerera ndi kompulesa yamphamvu kumabowola pepala lake, fumbi n'kumapita pa sensa ndi m'maringi. Pa 1KR-FE ndi pa Fit, tinjira ta EGR timatsekeka ndi mwaye. Tikatsekeka tina n'kutsala kamodzi, utsi wonse umakathera m'silinda imodzi, ndipo galimoto imadodoma mukamayenda mwapang'onopang'ono, cha pa 1,500 mpaka 2,500 rpm, koma mukaponda moto mwamphamvu imathamanga bwino. Kutsuka valavu yokha sikukwanira, tinjirato titokosedwe tonse.

Musaiwale waya wa ethi wochokera pa injini kupita pa bode. Ukachita dzimbiri kapena kukhwepa, makoilo onse amafooka limodzi. Alitaneta nayo iyenera kupereka mavoti 13.5 mpaka 14.5 injini ikulira.

Mukakonza

Fufutani makodi, kuphatikizapo amene anabwera chifukwa chozula makonekita poyesa. Kenako yesani galimoto mofanana ndi mmene vuto linkabwerera. Ngati inkamisa pachitunda, ikwezeni chitunda muli ndi anthu. Ngati inkamisa itatentha, muyende pa Bypass mpaka itenthe, ndiye muisiye ikulira mphindi khumi ili chiimire, AC mutayatsa. Ngati inkamisa m'mawa, chiweruzo chidikire mawa lake.

Sololani dipisitiki mununkhize. Oyilo akamanunkha petulo kapena atakwera kuposa chizindikiro chapamwamba, asinthidwe pamodzi ndi fyuluta yake, ngakhale tsiku la sevisi lisanakwane. Misifaya ikatha koma galimoto ili yolemerabe, yosafuna kudutsa 3,000 rpm, catalytic converter inasungunuka kale ndipo ikutsamwitsa injini. Masulani sensa ya okosijeni yakutsogolo, muyende kamtunda kochepa bowo lili pululu. Mphamvu ikabwerera, kutsekeka kuli pamenepo.

Kompulesheni ikapezeka yotsika pa silinda imodzi chifukwa cha valavu yopsa, kukonza hedi kokha kumakwanira, bola hediyo iyezedwe ngati sinapindike ndipo gasiketi ikhale yabwino. Maringi akatha m'masilinda onse, injini ikudya oyilo ndi kufuka utsi wabuluu, yerekezani mtengo wa ovaholo ndi wa injini ina yonse. Ndipo injini inayo musailipire asanaiyeze kompulesheni inu mukuona, manambala a silinda iliyonse atalembedwa pa lisiti.